Mbiri ya Galimoto Imawerengedwa pa Chitunda

Pali funso limodzi limene anthu okonda galimoto satopa nalo, kaya akumana pa galaja, pa mzere wodikira mafuta, kapena pa khonde la sitolo madzulo: munthu wa ndalama zochepa agule galimoto iti? Aliyense amakhala ndi yankho lokonzeratu. Wina amalumbirira Toyota, akuti siifa ndipo zipangizo zake sizisowa. Wina amaikira kumbuyo Nissan kapena Honda chifukwa cha mtengo wofikirika. Wina sayang'ana n'komwe dzina koma kamwedwe ka mafuta, ndipo kwa iye kagalimoto ngati Daihatsu Mira kamaposa zonse. Mikangano yotereyi ndimailemekeza, pakuti oichitawo amalankhula za chinthu chimene adachikhetsera thukuta kapena chimene akuchilakalaka ndi mtima wonse. Komabe moyo wa kuno ku chigwa cha Dedza, kumene msewu wochokera kumapiri umadzakumana ndi wa m'mbali mwa nyanja, wandiphunzitsa kuti funsoli timalifunsa moperewera. Dzina la galimoto yogwirapo kale ntchito limangonena gawo laling'ono la ubwino wake. Gawo lalikulu lili m'manja amene adaisamala dzulo ndi amene akuiyendetsa lero, ndipo msewu ndiwo umaulula zimenezi.

Kuti mumvetse chimene chandifikitsa pa maganizo amenewa, taonani kaye mmene boma lathu lidakhalira. Dedza ndi maiko awiri m'boma limodzi. Kumtunda kuli tauni ya Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, kozizira, kwa kachewere, kabichi ndi nyemba. Kumunsi kuli Golomoti, Mua ndi Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto, dziko lotentha la milambe, mango ndi mpunga wa ku Bwanje, loyandikana ndi Nyanja ya Malawi imene ili pa mamita osakwana 500. Cholumikiza maiko awiriwa ndi msewu wopatuka pa M1 pa Masasa, umene umatsika mokhotakhota m'mbali mwa phiri mpaka kukafika ku Golomoti. Ambiri timautcha Khwekhwelele. Pansi pake umakumana ndi M5, wochokera ku Salima kulowera ku Balaka, ndipo chapafupi pomwepo m'pamene njira ya ku Monkey Bay ndi ku Mangochi imayambira. Njanji imene idafika ku Salima mu 1935 imadutsanso m'chigwa chino, koma anthu ndi katundu wawo masiku ano amadalira msewu. Motero pa Khwekhwelele pamadutsa mabanja a ku Lilongwe opita kukapuma kunyanja, ma Sienta ndi ma Probox a matola, malole a chimanga ndi simenti, ndiponso njinga zamoto za kabaza, zonsezi zikutsika kapena kukwera mamita pafupifupi 1,000 pa mtunda waufupi. Palibe wogulitsa galimoto amene angakupatseni mayeso okhwima chonchi.

Galimoto zambiri zimene zimayesedwa pamenepa sizidapangidwire ife. Zidagulidwa zili zatsopano ku Japan, kumene lamulo limafuna kuti galimoto ikapimidwe ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pake zaka 2 zilizonse. Kupimitsako n'kodula, choncho eni ake ambiri amangogulitsa n'kugula ina, ndipo dzikolo limatumiza kunja galimoto zakale zoposa 1 miliyoni pa chaka. Popeza ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, galimoto zawo zimatikwana osasintha kanthu. Munthu amaiona pa foni kudzera m'makampani ngati Be Forward kapena SBT, amalipira, n'kudikira kuti sitima ifike pa doko la Dar es Salaam. Kuchokera pamenepo dalaivala wina amaiyendetsa makilomita pafupifupi 1,500, kulowa pa chipata cha Songwe, kukwera Chiweta, mpaka ku Lilongwe. A MRA akalandira msonkho wawo ndipo nambala yathu ikamatidwa, timaitcha yatsopano, ndipo ogulitsa amanyadira kuti “sinayendepo m'Malawi muno.” Mawuwo ndi oona, koma amaphimba chinthu chachikulu: galimotoyo yakhala kale zaka 10 kapena kuposerapo m'manja mwa munthu amene sitidzamudziwa. Poigula timagulanso khalidwe la munthuyo, kaya ankasintha oilo pa nthawi yake kapena ankazengereza, ndiponso dera limene ankakhala, poti kumadera a chipale chofewa mchere wothira pamsewu umadya chitsulo cha pansi. Ndicho chifukwa chake anthu awiri ogula galimoto za dzina limodzi ndi chaka chimodzi angathe kupereka maumboni otsutsana kotheratu, onse awiri n'kukhala akunena zoona.

Zimenezi ndidaziona tsiku lina la mwezi wa Okutobala pa Golomoti, dzuwa likuswa mtengo. Galimoto ina yooneka bwino, ya mtundu umene umatamandidwa kuti ndi wolimba, idatsika phiri n'kudzaima pambali pa msewu, mkati muli bambo, mayi ndi ana, kumbuyo kutadzaza zikwama za ulendo wa kunyanja. Fungo la chinthu chopserera lidatifikira isanaime n'komwe, ndipo matayala akutsogolo ankafuka utsi. Bamboyo adatuluka miyendo ikunjenjemera, akunena kuti pa makona omalizira adaponda buleki phazi n'kungolowa pansi. Anyamata ena achifundo adathamanga ndi chidebe cha madzi, koma makaniko wina wachikulire wa pafupi pomwepo adawaletsa, akuti chitsulo chotentha chikathiridwa madzi ozizira chimapindika. Adanyonyomala pambali pa tayala n'kuyandikiza kuseri kwa dzanja lake osakhudza, kenako adatsegula boneti, navundukula kabotolo ka mafuta a mabuleki. Mafutawo, amene akakhala atsopano umatha kuona pansi pa botolo, adali akuda bii. “Bwana, mwatsika ndi giya yanji?” adafunsa. “Ndi ya otomatiki iyi, madala, imangokhala pa D,” adayankha mwini galimoto. Mkuluyo adaloza chala pa 2 ndi L, m'munsi mwa D, nati, “Izi adaziikira phiri ngati limeneli. Galimoto yanuyi ilibe mlandu.”

Mawu akuti galimoto ilibe mlandu ndawasinkhasinkha kwambiri, chifukwa m'mikangano yathu timakonda kuweruza chitsulo n'kumusiya munthu. Bambo uja akadabwerera kwawo osakumana ndi makanikoyo, akadauza anzake kuti galimoto za mtundu umenewo zili ndi mabuleki ofooka, anzakewo akadauza ena, ndipo umboni wabodza ukadabadwa kuchokera m'chochitika choona. Pamene chenicheni chimene chidachitika n'chosavuta kumva. Galimoto yolemera makilogalamu 1,500 ikamatsika mamita 1,000 imayenera kutaya mphamvu yokwanira kuwiritsa madzi oposa malita 40, ndipo woyendetsa akamangodalira phazi lake, kutentha kochuluka kumathera m'zitsulo za m'matayala. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka atapitirira madigiri 200, koma amamwa chinyezi pang'onopang'ono, kotero kuti akakhalitsa osasinthidwa angathe kuwira pa madigiri 140 okha. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo popeza nthunzi imafinyika m'malo mokankha, phazi limalowa pansi galimoto ikuthamangabe. Giya yaing'ono imachititsa kuti injini igwire galimoto, mabuleki n'kumapuma. Tsono pa ngozi imene idangotsala pang'ono kuchitikayo padakumana zinthu ziwiri: kunyalanyaza kwa eni akale, amene sadasinthe mafuta otsika mtengo, ndi kusadziwa kwa mwini watsopano, amene adazolowera misewu ya m'tauni. Palibe chimodzi mwa ziwirizi chimene chimalembedwa pa chizindikiro cha kampani.

Palinso chizolowezi china pa msewuwu, chimene chimakula mafuta akasowa. Dalaivala amachotsa giya n'kuiika pa fili, mwinanso kuzimitsiratu injini, kuti galimoto izidzitsikira yokha, poganiza kuti akupulumutsa lita imodzi. Amene amaphunzitsa anzawo nzeru imeneyi amailankhula ndi chidaliro cha munthu wodziwa, ndipo umboni wawo ndi wakuti akhala akutero kuyambira kale osagwa m'ngozi. Koma injini za makono, zolamulidwa ndi kompyuta, zimadula zokha mafuta galimoto ikamatsika ili m'giya woyendetsa asakuponda moto, choncho chopulumutsidwa n'chochepa kapena palibe. Ndipo injini ikazima, mphamvu yothandizira buleki ndi chiwongolero imatha nayo limodzi. Apa ndidaphunzira kuti kufala kwa maganizo sikuwasandutsa choonadi. Munthu angathe kuchita chinthu choopsa kwa zaka zambiri n'kupulumuka, ndipo kupulumukako kumamulimbitsa mtima mpaka kumayesa luso chimene chidali mwayi chabe. Zokumana nazo m'moyo zimaphunzitsadi, koma zimaphunzitsa amene amafunsa chifukwa chake zinthu zidayenda momwe zidayenderamo.

Ulendo wokwera ulinso ndi phunziro lake. Toyota Sienta ili ndi mipando 7 ndi injini ya malita 1.5, ndipo kwawo idapangidwira banja lopita kusukulu ndi kumsika. Kuno imanyamuka pa Golomoti anthu ataposa mipando, matumba a mpunga ndi madengu a nsomba atamangidwa ndi mphira, chitseko cha kumbuyo chitakana kutsekeka. Pa chitunda injini imagwira ntchito yolimba pamene mphepo yoiziziritsa ili yochepa, poti liwiro ndi laling'ono, ndipo apa m'pamene rediyeta yodzaza dothi ndi dzimbiri, imene yakhala ikumwa madzi a pa mjigo opanda mankhwala ake, imagonja. Mukaona galimoto itaima pakona boneti ili yasa, anthu atakhala pamiyala, dalaivala akutsetsereka ndi chigubu kukasaka madzi, mwaona mathero a nkhani imene idayamba miyezi yambiri m'mbuyomo. Sindinena izi monyoza madalaivalawa. Ambiri a iwo amadziwa galimoto kuposa ife tonse, ndipo amamva kulira kwachilendo kwa injini ife tisanamve kanthu. Koma madzulo aliwonse amayenera kupereka tageti kwa mwini galimoto, ndipo mwiniyo, amene nayenso ali ndi ngongole ndi fizi ya ana, amaona ndalama ya sevisi ngati yotayika. Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalama imene yapulumutsidwa pa galaja siisowa woilipira. Amailipira ndi mayi amene nsomba zake zaziwisi zavunda padzuwa, kapena wodwala amene wachedwa kufika kuchipatala, ndipo nthawi zina imalipiridwa ndi moyo. Walira mvula walira matope: wofuna phindu la galimoto avomerenso mtengo woisamalira.

Kwa amakaniko a m'chigwa muno ndaphunzira kuyang'ana galimoto mosiyana ndi mmene imayang'anidwira pa chithunzi. Wogula ng'ombe ya pa ngolo sataya nthawi ndi kukongola kwa nyanga. Amaitsegula pakamwa kuona mano, n'kuitukula mwendo kuona ziboda. Amakaniko odziwa ntchito yawo amateronso. Nambala ya makilomita imene ili pa dashibodi saikhulupirira kwambiri, poti imatha kubwezedwa. Amayang'ana kutha kwa mphira wa popondera buleki, kusalala kwa chiwongolero ndi kuphwa kwa mpando wa dalaivala, zinthu zovuta kunamiza. Amagona chagada pansi pa galimoto kufufuza dzimbiri ndi malo odontha. Amasolola kachitsulo koyezera oilo n'kumupaka pa chala, ndipo amatsegula chivindikiro chake kuona ngati pali thovu loyererako, limene lingasonyeze kuti madzi akusakanikirana ndi oilo. Amafuna kuiliza m'mawa isanatenthe, pakuti injini yozizira siibisa kugogoda kapena utsi wabuluu. Komanso amawerenga tayala. M'mbali mwake muli manambala 4 onena nthawi imene lidapangidwa: 2316, mwachitsanzo, ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Tayala lingathe kukhala ndi mano akuya koma mphira wake utauma ndi ukalamba, ndipo galimoto zina zimabwera ndi matayala a nyengo ya chipale, a mphira wofewa, amene amatha msanga ndi kugwira mofooka pa phula lotentha la ku Mtakataka. Izi ndi zinthu zazing'ono, zosasangalatsa kuzikamba pa gulu, koma choonadi cha galimoto chimakhala m'menemo.

Tsono maganizo a okonda galimoto tiwataye? Kutalitali, pakuti muli nzeru zambiri zimene anthu adazigula modula. Akamati zipangizo za Toyota sizisowa, akunena chinthu chimene chimaoneka msanga galimoto ikafera pa Mua madzulo: kachitsulo ka Corolla kapena Probox kangapezeke ku Salima kapena ku Dedza mawa lake, pamene ka galimoto yachilendo kangafune kukasakidwa ku Biwi ku Lilongwe, mwinanso kuitanitsidwa ku Johannesburg, masiku onsewo galimoto ili pansi pa mtengo. Akamachenjeza za magiyabokosi a CVT, amene amafuna oilo wakewake ndipo sakonda kulemedwa, akunena zoona. Akamati galimoto yotsika mimba siikhalitsa pa njira zafumbi zolowa m'midzi ya kunyanja nthawi ya dzinja, akunenanso zoona. Chofunika n'kudziwa kuyeza umboni. Munthu akakuuzani kuti galimoto yakutiyakuti ndi yabwino, mufunseni mwaulemu kuti adayenda nayo kuti, itanyamula chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso itawonongeka adaikonzetsa kwa yani ndi ndalama zingati. Amene angayankhe mafunso amenewa akukupatsani chimene adachilipirira. Amene sangayankhe akungokubwerezerani zimene adamva. Za wogulitsa, ngakhale atakhala mbale wanu, kumbukirani kuti ali ndi chifukwa choonera ubwino wokhawokha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo msewu waonjezera kuti kufunsa kumathandiza pamene wadziwa woyenera kumufunsa ndi funso loyenera kumufunsa.

Nkhani za galimoto zimene timamva pa wailesi ndi kuwerenga pa foni zimafunanso kuyezedwa chimodzimodzi. Zambiri zimakamba za galimoto zatsopano zimene zatuluka ku Ulaya, ku China ndi ku America, ndipo n'zokoma kuzimva. Koma nkhani zimene zasinthadi moyo wa eni galimoto kuno ndi zina. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza galimoto, matayala, mabatire ndi oilo zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja, mitengo yake idakwera limodzi. Kusowa kwa ndalama zakunjako kudabweretsanso mizere yaitali pa malo omwetsera mafuta, ndipo kwa ife a kutali ndi mizinda kudabweretsa mafuta a m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala zowononga pampu ndi injini. Zotsatira zake n'zakuti amene ankasintha galimoto pakapita zaka zochepa tsopano akukhala nayo nthawi yaitali, ndipo ambiri ogula koyamba akugula imene yadutsa kale m'manja awiri kapena atatu m'dziko momwe muno. Ngati zili choncho, ndiye kuti m'zaka zino luso losunga galimoto laposa luso loisankha, ngakhale kuti la kusankhalo ndi limene limadya nthawi yathu yambiri pocheza.

Pa galimoto zoyendera magetsi, ndi zophatikiza magetsi ndi petulo ngati Toyota Prius ndi Aqua, ndili ndi chiyembekezo. Pa Golomoti pomwepa pali munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20, wokhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu, umene kampani ya JCM Power idamanga ndipo udayamba kugwira ntchito mu 2022. Dzuwa limene limawiritsa marediyeta athu lingathe tsiku lina kuyendetsa galimoto zathu, ndipo galimoto zoterezi zikamatsika phiri zimabweza gawo la mphamvu ija m'batire m'malo moitaya yonse ngati kutentha. Komabe mafunso a kuchigwa akhalapobe: batire la galimoto ya zaka 10 latsala ndi moyo wotani, lipirira bwanji kutentha kwa Novembala, ndipo likafooka ndani pakati pa Salima ndi Balaka amene ali ndi makina ndi maphunziro olikonzera? Chinthu chatsopano chimakhala chathu pamene ana athu aphunzira kuchikonza. Choncho nkhani ya galimoto imene ndikuiyembekezera kuposa zonse ndi ya anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa bwino umakaniko wa makono m'masukulu a ntchito zamanja, amene adzatsegule magalaja awo m'mbali mwa M5 osati m'mizinda mokha.

Pa za ulendo weniweniwo, msewuwu umaphunzitsanso chinthu chogwirizana ndi zonsezi. Pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa Tsiku la Anakubala mu Okutobala, galimoto za ku Lilongwe zimatsika motsatizana, ndipo ambiri amanyadira kuchepa kwa maola amene atenga kukafika ku Monkey Bay. Kwa iwo chigwa chino ndi mpata wongodutsa pakati pa mzinda ndi mchenga wa kunyanja. Koma amene amatsika mofatsa, n'kuima pamalo oyenera kuti mabuleki azizire, amalandira zambiri. Amaona chigwa chonse chitayalidwa pansi pawo ndi nyanja ikunyezimira patali. Amapeza m'mbali mwa msewu amisiri osema timagalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa, ta matayala ozungulira ndithu, ntchito ya anthu amene adayang'anitsitsa galimoto kuposa ambiri a eni ake. Akapatuka pang'ono pa M5 amafika ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mu 1902, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yosungiramo mbiri ya Chamare imafotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao. Pakati pa zilombo za Gule Wamkulu pali china chotchedwa Galimoto. Kwa ine umenewu ndi umboni wakuti makolo athu, ataona chitsulochi chikudutsa, adachilowetsa m'bwalo, pamalo amene mudzi umaphunzitsirapo khalidwe, pozindikira msanga kuti nkhani ya galimoto ndi nkhani ya umunthu.

Ndipo ndi ya umunthu ndithu. M5 m'chigwa muno ndi wopapatiza, wodyeka m'mbali, ndipo ndi msewu wa onse: wa ana opita kusukulu, wa mayi wosenza nkhuni, wa wanjinga wonyamula matumba a makala, wa ngolo ndi mbuzi, wa kabaza wonyamula banja lonse. Munthu amene wasiya mabuleki ake osakonza saika pachiswe moyo wake wokha. Chiphaso cha COF chimene chili pa galasi chimakhutiritsa wapolisi wa pamsewu, koma mwana amene wadumphira mumsewu kuthamangira mpira amatetezedwa ndi mmene mabuleki ndi matayala aliri m'choonadi, komanso ndi liwiro limene woyendetsa wasankha. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti kukonda galimoto koona kumadziwika pa zinthu zimene anthu sazioona. Kuitsuka, kuiika marimu onyezimira ndi zokuzira mawu kuli ndi malo ake, ndipo palibe cholakwa kusangalala ndi chimene wavutikira. Koma chikondi chokhwima chimasintha mafuta a mabuleki ngakhale palibe adzayamikire, chimasunga kabuku kolembamo tsiku ndi makilomita a sevisi iliyonse, ndipo chimakana kunyamula thumba lina loonjezera ngakhale ndalama yake ikufunika pakhomo.

Phunziro ili silithera pa galimoto. Zinthu zambiri zimene tili nazo m'moyo tidazilandira zitagwirapo kale ntchito: munda umene agogo adalima, mjigo umene udakumbidwa tisanabadwe, sukulu, sikimu ya mthirira ngati ya Bwanje, ngakhale dzina la banja. Pa zonsezi timakonda kukangana za kumene zidachokera ndi amene adazipanga, ngati kuti chiyambi chabwino chimatsimikiza mathero abwino. Koma chinthu cholandira chimafuna mafunso awiri, omwewo amene mwini galimoto yakale ayenera kudzifunsa. Loyamba: amene adali nacho ine ndisanabwere adasiya chiyani chosakonza, chimene ndiyenera kuchifufuza tsoka lisanandiululire? Lachiwiri: amene adzachilandire kwa ine adzapezamo chiyani? Funso lachiwirili ndi limene timaliiwala. Timadandaula za mwini wakale amene adatibisira vuto, osakumbukira kuti nafenso tsiku lina tidzakhala eni akale. Galimoto imene ili pakhomo panu lero mwina idzagulidwa ndi mphunzitsi wina wa ku Mtakataka amene wasunga ndalama kwa zaka zambiri, ndipo adzanyamulamo ana ake. Chimene mukuchita nayo sabata ino, ndi chimene mudzamuuze kapena kumubisira pa tsiku logulitsa, chidzakhala gawo la chitetezo cha banja lakelo.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi zovuta, ndipo munthu sangakonze zonse mwezi umodzi. Koma angathe kusankha choyambira. Mabuleki, matayala, chiwongolero ndi madzi a injini zibwere patsogolo. Penti ndi wailesi zingadikire. Angathe kupeza makaniko mmodzi wokhulupirika, kumulipira mosanyinyirika, ndi kumumvera pamene wanena mawu osakoma. Angathe kuphunzitsa mwana wake kapena dalaivala wake kutsika phiri ndi giya yaing'ono. Angathenso, pogulitsa, kunena poyera kuti giyabokosi idayamba kuchedwa kapena kuti injini idawirapo, n'kulandira mtengo wotsikirapo ndi mtima woyera. Zimenezi sizifuna chuma chambiri. Zimafuna munthu amene wavomereza kuti chimene chili m'manja mwake chimakhudza miyoyo ya anthu amene sawadziwa. Dziko lathu likhala likudalira galimoto zakale kwa zaka zambiri zikubwerazi, ndipo misewu yake idzakhala yotetezeka molingana ndi kuchuluka kwa eni galimoto otere. Aliyense wa ife amene ali ndi kiyi m'thumba angathe kuyamba kukhala mmodzi wa iwo pa sevisi yotsatira.